Mnofu Umalipira Kuti Umasuke: Mmene Pampu ya Kashiamu Imagwirira Ntchito

Mbuzi ikaphedwa m'mawa n'kupachikidwa, pakapita maola angapo miyendo yake imauma gwa, moti kuti uipinde pa mfundo umachita kukakamiza. Nyama yakufa ilibe mphamvu, ndiye minofu yake ikulimbiranji? Ikulimba chifukwa mphamvuzo zatha. Mnofu wamoyo umakhala wofewa chifukwa usana ndi usiku umawononga ATP, molekyu yonyamula mphamvu m'maselo, pa ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kumasula myosin kuti asakakamire pa actin; awa ndi mapuloteni awiri a mu ulusi wa mnofu amene amakokana mnofu ukamakungika. Yachiwiri ndi kuchotsa kashiamu pakati pa ulusi wa mnofu n'kukamutsekera kumalo ake. ATP ikatha, zonse ziwiri zimaima: kashiamu amatayikira pa ulusi, myosin amagwira actin, ndipo palibenso womumasula.

Ntchito yachiwiriyo ili m'manja mwa enzayimu imodzi imene akatswiri amaitchula mwachidule kuti SERCA. Ndi puloteni yokhala mu nembanemba ya timatumba ta m'kati mwa selo la mnofu, totchedwa sarcoplasmic reticulum kapena SR, timene tinazinga ulusi uliwonse. Mu SR ndi mmene kashiamu amasungidwa. Uthenga wamagetsi ukafika kuchokera ku minyewa, umalowa m'kati mwa selo kudzera m'timachubu totchedwa T n'kutsegula zipata za SR, zomwe pa minofu yoyendetsa mafupa ndi RyR1. Kashiamu amakhuthuka, amamatira pa puloteni ya troponin C, puloteni ya tropomyosin imene imaphimba actin imasendera pambali, ndipo myosin amagwira actin n'kuyamba kukoka. Kukhuthukako sikulira mphamvu, chifukwa kashiamu akungotsetserekera kumene ali wochepa. Kumubweza ndiye ntchito.

Manambala ake ndi awa (nM, µM ndi mM ndi miyezo ya kuchuluka kwa chinthu m'madzi). Mnofu ukapuma, kashiamu woyandama m'madzi a m'selo amakhala pafupifupi 100 nM, nthawi zina kucheperapo. M'kati mwa SR, woyandama amakhala pakati pa 0.5 mM ndi 1 mM. Popeza 1 mM ndi 1,000 µM, ndipo 1 µM ndi 1,000 nM, m'thumba muli kashiamu wochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi kunja. Wina wambiri amakhala atagwiridwa ndi puloteni ya calsequestrin, imene molekyu yake imodzi imanyamula makashiamu 40 mpaka 50. Mnofu ukakungika, wa m'madzi a m'selo amakwera kufika pa 1 µM mpaka 10 µM kapena kuposa, ndipo pa minofu yachangu ayenera kutsikanso pasanathe gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Komatu pampu imodzi payokha ndi yochedwa. Imamaliza maulendo khumi kapena makumi ochepa pa sekondi, pamene chipata chimodzi cha RyR1 chikatseguka chimadutsitsa makashiamu ofika miliyoni pa sekondi. Mnofu unathana ndi kusiyanaku pochulukitsa mapampu: amakhala pafupifupi 30,000 pa kamalo ka mayikulomita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo pa minofu yachangu mapuloteni ambiri a mu nembanemba ya SR ndi SERCA yekhayekha.

Kuchuluka kumeneku ndi kumene kunapangitsa pampuyi kukhala yosavuta kuiphunzira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, B. B. Marsh anaona kuti m'madzi ofinyidwa mu mnofu muli chinachake chomasula ulusi wokungika. Mu 1961 Wilhelm Hasselbach ndi Madoka Makinose ku Heidelberg, ndipo mu 1962 Setsuro Ebashi ndi Fritz Lipmann ku New York, anasonyeza kuti chinthucho ndi timatumba tomeza kashiamu pogwiritsa ntchito ATP. David MacLennan ku Toronto anapatula enzayimuyo payokha mu 1970, ndipo mu 1985 gulu lake linawerenga ndondomeko ya ma amino asidi ake, tizidutswa timene timalumikizana n'kupanga puloteni. Mu 2000 Chikashi Toyoshima ku Tokyo anatulutsa chithunzi cha pampu yonse, atomu ndi atomu, makashiamu awiri akuoneka pamalo awo. Pafupifupi zonsezi zinachitika ndi mnofu woyera wa kalulu woweta, n'chifukwa chake manambala a ma amino asidi amene ndikutchula pansipa ndi a SERCA1a ya kalulu. Pampuyi ili m'banja limodzi ndi pampu ya sodiamu ndi potaziyamu imene Jens Christian Skou anaitulukira ku Aarhus mu 1957, komanso pampu ya asidi ya m'mimba imene mankhwala a omeprazole amaitseka. Onsewa amatchedwa ma ATPase (ma enzayimu odula ATP) a mtundu wa P, chifukwa pakati pa ulendo wawo amanyamula fosifeti pathupi pawo.

Thupi la pampu

SERCA1a ndi unyolo umodzi wa ma amino asidi 994, wolemera pafupifupi 110 kDa. Unyolowo umaboola nembanemba maulendo 10, n'kupanga mizati yopotana M1 mpaka M10. Kumtunda kwa nembanemba, kumadzi a m'selo, kuli mutu wa zigawo zitatu. Chigawo N chimagwira ATP, makamaka mbali ya adenine imene imatsamira pa Phe487. Chigawo P chili ndi Asp351, amino asidi amene amalandira fosifeti. Chigawo A chimazungulira, ndipo chinalumikizidwa ku M1, M2 ndi M3, moti chikasuntha mizatiyo imasunthanso. Malo ogwira kashiamu ali pakatikati pa nembanemba, pafupifupi nanomita 5 kuchokera pa Asp351. Pa msinkhu wa maatomu, umenewu ndi mtunda wautali ndithu. ATP ndi kashiamu sizikhudzana ngakhale kamodzi, ndipo zonse zimene china chimachita kwa chinzake zimadutsa m'kusuntha kwa thupi la puloteni.

Ulendo umodzi, kuyambira pachiyambi

Ulendo umayamba pampu ili m'kaimidwe kotchedwa E1, khomo loyang'ana kumadzi a m'selo lili lotsegula. Kashiamu woyamba amalowa n'kukhala pa malo I, pakati pa M5, M6 ndi M8, atagwiridwa ndi maatomu a okosijeni ochokera ku Asn768, Glu771, Thr799, Asp800 ndi Glu908, pamodzi ndi mamolekyu awiri a madzi. Kukhala kwake pamenepo kumakonza malo II, amene poyamba anali asanaumbike bwino. Wachiwiri akafika amagwiridwa ndi Glu309, Asn796, Asp800 yemwe uja, ndi maokosijeni a pamsana wa unyolo pa Val304, Ala305 ndi Ile307. Awiriwa amakhala motalikirana nanomita 0.57 zokha, aliyense ali ndi chaji cha +2, ndipo sakankhana chifukwa ma asidi owazinga ali ndi chaji chotsutsa. Asanu ndi mmodzi mwa ma amino asidi amenewa gulu la MacLennan linawapeza mu 1989 powasintha mmodzimmodzi n'kuona pampu ikufa, zaka 11 chithunzi chisanatsimikizire.

Amalowa mondondozana, ndipo wachiwiri amatsekereza woyamba. Zimenezi zimaoneka bwino pa kuyesa kumodzi kosavuta. Mukadzaza pampu ndi kashiamu wa 45, wotulutsa cheza, kenako n'kuitsuka ndi madzi okhala ndi kashiamu wamba wambiri, theka lokha la wa 45 ndi limene limatuluka msanga. Theka linalo limatsalira, chifukwa malo II akangotsala opanda kanthu kashiamu wamba amakhalapo n'kutseka njira. Kudalirana kwa malo awiriwa kulinso ndi phindu ku mnofu: kashiamu akakwera pang'ono, liwiro la pampu limakwera kwambiri. Theka la liwiro lake imalifika kashiamu ali pakati pa 0.2 µM ndi 0.5 µM pa pH 7, pamwamba pang'ono pa mlingo wa mnofu wopuma koma pansi pa wa mnofu wokungika. Choncho mnofu ukapuma pampu imayenda pang'onopang'ono, ukangokungika imathamanga ndi mphamvu zake zonse.

Pali funso limene ambiri amalilumpha: m'selo la mnofu maginiziyamu woyandama amakhala pafupifupi 1 mM, kuwirikiza ka 10,000 kuposa kashiamu, ndipo nayenso ali ndi chaji cha +2. Nanga bwanji pampu simupopa iyeyo? Maginiziyamu ndi wamng'ono, pafupifupi nanomita 0.07 kuchokera pakati kufika m'mphepete, pamene kashiamu ndi 0.1. Amafuna maokosijeni 6 oima mwadongosolo lokhwima, ndipo amakakamira madzi omuzinga, osawataya msanga. Kashiamu amalolera maokosijeni 7 kapena 8 oima mosalongosoka kwenikweni, ndipo madzi ake amawavula mofulumira. Malo a pampu anaumbidwa ndi maokosijeni 7, pa mtunda womuyenera kashiamu.

Malo onse awiri akadzaza, mizati M4 ndi M5 imasuntha, ndipo popeza inalowa mpaka m'chigawo P, imakonza chigawocho kuti chilandire fosifeti. Apa pali loko woyamba: popanda makashiamu awiri, ATP ikhoza kukhala pa chigawo N koma siperekeka. Chigawo N chimawerama n'kufikitsa fosifeti yachitatu ya ATP pa Asp351. Maginiziyamu mmodzi, atagwiridwa ndi Asp351, Thr353 ndi Asp703, amaphimba chaji cha mafosifeti, Lys684 akuthandizira, kuti okosijeni wa Asp351 athe kufika pa atomu ya fosiforasi osakankhidwa. Okosijeniyo amalowa mbali imodzi, ADP (ATP imene yatsala ndi mafosifeti awiri) imachoka mbali inayo. Chotsatira ndi E1P, pampu yonyamula fosifeti.

Mgwirizano wa fosifeti ndi asidi wa aspartate si wamba. Ndi wa mtundu wa acyl phosphate, ndipo umasunga mphamvu zofanana ndi zimene zinali mu ATP. Chifukwa cha ichi, mukapatsa E1P ADP wambiri, fosifeti imabwerera ndipo ATP imapangikanso. Mphamvu sizinatayike, zangosamuka kuchoka pa molekyu yoyandama kupita pathupi la pampu. Umboni wakuti ndi aspartate anaupereka Degani ndi Paul Boyer mu 1973, pogwiritsa ntchito borohydride. Mgwirizanowu umapirira mu asidi koma umasweka mu alikali komanso ukakumana ndi hydroxylamine, n'chifukwa chake woyeza amaimitsa ulendo pothira asidi wozizira.

Pa nthawi yomweyo pamene fosifeti ikusamuka, chigawo A chimapendekeka n'kukokera M1 ndi M2 m'mwamba. M1 imapindika n'kupanikiza Glu309 pamalo ake, ndipo khomo la kumadzi a m'selo limatsekeka. Khomo la ku SR silinatseguke. Makashiamu awiri atsekeredwa pakati, sangabwerere, sangapitirire. Aliyense amene anaonapo mjigo utaphwasulidwa akudziwa kuti muli mavalavu awiri, ina pansi pa silinda, ina pa pisitoni, ndipo imodzi imatseguka inzake itatseka. Rabala ikatha n'kumatsegukira pamodzi, madzi amabwerera pansi ndipo umangopopa mphepo. Pampu ya kashiamu ili ndi lamulo lomwelo, koma pano kulakwitsa kamodzi n'kodula kwambiri, chifukwa makomo onse awiri atatseguka ngakhale kwa kanthawi, kashiamu wochuluka ka 10,000 uja angathamangire kunja kudzera m'pampu momwemo.

ADP ikachoka, mutu umamasuka ndipo chigawo A chimazungulira pafupifupi madigiri 90. Kuzungulirako kumakankhira M4 kumunsi n'kupatula mizati, Glu309 ndi Asn796 amatembenukira kwina, ndipo malo aja amene anaumbidwa mosamala amaphwasuka. Khomo la ku SR limatseguka. Malo amene amagwira kashiamu ali pansi pa 1 µM tsopano sangamugwire pokhapokha atafika m'ma mM, kutanthauza kuti kugwira kwafooka kuwirikiza ka 1,000 kapena kuposa. Makashiamu amagwera m'thumba ngakhale kuti muli kale anzawo ambiri. Kaimidwe aka ndi E2P. Kwa ine apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mabuku ambiri a sukulu amangoti "ATP imapereka mphamvu" n'kupitirira. Mphamvu za ATP sizikankha kashiamu. Zimalipira kuphwasula malo amene anamugwira mwamphamvu, ndipo zimatero khomo lolowera litatsekedwa kale. Mu E2P fosifeti ija yatsika mphamvu, ADP singaitengenso mwachindunji, chifukwa mphamvuzo zalowa m'kashiamu amene wakwezedwa.

Malo akatsala opanda kashiamu, ma asidi anayi okhala ndi chaji chofanana amayang'anizana m'kati mwa nembanemba ya mafuta, ndipo akanasiyidwa choncho puloteni ikanasokonekera. Mapulotoni (H+, osati mapuloteni) awiri kapena atatu ochokera mu SR amakhala pa ma asidiwo n'kuwaziziritsa. Motero pampuyi imasinthanitsa: makashiamu awiri kulowa, mapulotoni awiri kapena atatu kutuluka. Mapulotoniwo sadzikundikira kwina kulikonse, chifukwa nembanemba ya SR imawalola kubwerera.

Chatsala ndi kuchotsa fosifeti. Kuzungulira kwa chigawo A kunabweretsa kachingwe ka ma amino asidi anayi, Thr181, Gly182, Glu183 ndi Ser184, kotchedwa TGES, pamalo pamene panali ADP. Glu183 amagwira molekyu imodzi ya madzi, amaiimika molunjika fosiforasi, amailanda pulotoni, ndipo madziwo amadula mgwirizano wa fosifeti ndi Asp351. Uyu ndi loko wachiwiri: mu E1P kachingweka kali kutali, choncho fosifeti singadulidwe kashiamu asanatulutsidwe. Kudulako kukuchitika, khomo la ku SR limatsekeka. Potaziyamu amafulumizitsa sitepe imeneyi. Fosifeti ikachoka pampu imakhala E2, kenako imataya mapulotoni kumadzi a m'selo n'kubwerera ku E1. M'selo lamoyo ATP imakhala yambiri, 5 mM kapena kuposa, moti ina imakhala itakhala kale pa chigawo N ulendo usanathe, ndipo imafulumizitsa masitepe omalizawa.

Chifukwa chake awiri, osati atatu

Masamu ake ndi achidule. Kukweza molo imodzi ya kashiamu kupita kumene ali wochuluka ka 10,000, pa 37°C, kumalira RT kuchulukitsa ndi ln 10,000 (R ndi nambala yosasintha ya mpweya, T ndi kutentha pa muyezo wa Kelvin), zomwe ndi pafupifupi 23.7 kJ. Magetsi a pa nembanemba ya SR sawerengedwa, chifukwa potaziyamu ndi kolorayidi amadutsa momasuka n'kuwafafaniza. Makashiamu awiri ndi 47 kJ. ATP m'mabuku imalembedwa 30.5 kJ pa molo, koma m'mnofu wopuma, mmene ADP ndi fosifeti zili zochepa, imapereka 55 mpaka 60 kJ. Awiri akukwanira, ndipo mphamvu pafupifupi magawo 80 pa 100 zimasungika. Atatu akanafuna 71 kJ, zimene ATP imodzi ilibe.

Mpata wotsala ndi wochepa, ndipo zimenezi zili ndi zotsatira ziwiri. Choyamba, pampu ikhoza kuyenda chobwerera. Mu 1971 Makinose ndi Hasselbach anadzaza timatumba ta SR ndi kashiamu, anachotsa wa kunja ndi EGTA, mankhwala ogwira kashiamu, anathira ADP ndi fosifeti, ndipo timatumbato tinapanga ATP imodzi pa makashiamu awiri otuluka. Chachiwiri, mnofu ukatopa, ATP yeniyeniyo sitsika kwambiri, koma fosifeti ndi ADP zimakwera ndipo mphamvu za ATP iliyonse zimachepa. SERCA imakhala m'gulu loyamba kumva kuchepako, n'chifukwa chake mnofu wotopa umachedwa kumasuka. Selo limadziteteza poika creatine kinase pambali penipeni pa mapampu, kuti ADP ikangotuluka ibwezeretsedwe kukhala ATP. Ndipo mtengo wake si wochepa: mnofu ukakungika osasuntha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ATP yonse limathera pa kupopa kashiamu.

Mabuleki a mu mtima

Munthu ali ndi majini atatu a pampuyi. ATP2A1 imapanga SERCA1 ya minofu yachangu, ATP2A2 imapanga SERCA2a ya mtima ndi minofu yochedwa komanso SERCA2b ya pafupifupi maselo onse, ndipo ATP2A3 imapanga SERCA3. Mu mtima wa munthu, SERCA2a imachotsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a kashiamu pa kugunda kulikonse, wotsalayo amatulutsidwa kunja kwa selo posinthanitsa ndi sodiamu. Mu mtima wa mbewa ndi khoswe SERCA imachotsa opitirira 90, ndipo kusiyana kumeneku kuyenera kukumbukiridwa nthawi zonse wina akanena kuti mankhwala achiza mtima wa mbewa.

Pambali pa SERCA2a pamakhala phospholamban, kapuloteni ka ma amino asidi 52, kamene kamalowa mu mpata wa pakati pa M2, M6 ndi M9. Sikatsitsa liwiro lapamwamba la pampu. Kamangochititsa kuti pampu ifune kashiamu wochuluka kawiri kapena katatu isanathamange. Munthu akayamba kuthamanga kapena akachita mantha, adrenaline amadzutsa protein kinase A, imene imaika fosifeti pa Ser16 ya phospholamban, ndipo buleki imamasuka. Mtima umamasuka msanga, umapeza nthawi yodzaza magazi ngakhale ukugunda mofulumira, komanso SR imadzaza kwambiri, moti kugunda kotsatira kumakhala kwamphamvu. Mbewa zochotsedwa phospholamban zimakhala ndi mitima yamphamvu ndipo zimakhala bwinobwino. Anthu obadwa opanda phospholamban wogwira ntchito amadwala matenda oopsa okulitsa ndi kufooketsa mtima. Kumpoto kwa Netherlands kuli mabanja ambiri okhala ndi kusintha kotchedwa R14del, kumene amino asidi mmodzi yekha wa phospholamban akusowa, ndipo kumabweretsa kufooka kwa mtima ndi kugunda kosokonekera.

M'minofu yoyendetsa mafupa muli mnzake wamng'ono, sarcolipin, wa ma amino asidi 31. Ofufuza angapo apeza kuti amachititsa pampu kuwononga ATP osalowetsa makashiamu onse awiri, mphamvu n'kusanduka kutentha. Nsomba za m'nyanja zamchere monga swordfish ndi marlin zinafika nazo patali: mnofu wina wa diso unasiya kukoka, unangodzaza SR ndi mitochondria (tizigawo ta selo topanga ATP), ndipo kashiamu amangotuluka ndi kupopedwa kuti ubongo ndi maso zifunde m'madzi ozizira akuya.

Zikalakwika

Majini onse awiri a ATP2A1 akawonongeka, munthu amakhala ndi matenda a Brody, amene Irwin Brody anawafotokoza mu 1969 ndipo gwero lake linapezeka mu 1996. Akathamanga kapena akafumbata dzanja mobwerezabwereza, minofu imachedwa kumasuka, makamaka kukazizira. Chizindikiro chothandiza dokotala n'chakuti makina oyeza magetsi a mnofu amakhala chete pa nthawi ya kuumako, chifukwa vuto silili pa uthenga koma pa kubweza kashiamu. Ng'ombe za Chianina ku Italy zili ndi matenda ofanana: zikadzidzimutsidwa n'kuthamanga, miyendo imauma kwa kanthawi. Jini imodzi ya ATP2A2 ikawonongeka, chodabwitsa n'chakuti mtima nthawi zambiri umapirira koma khungu ndi limene limadwala, matenda a Darier, chifukwa maselo a khungu amalephera kugwirana. Chithokomiro chikafooka, thupi limapanga mapampu ochepa, ndipo dokotala akamenya mtsempha wa kuchidendene phazi limagwedezeka n'kubwerera mochedwa.

Pa mtima wofooka SERCA2a imachepa ndipo phospholamban amakhala wopanda fosifeti nthawi yambiri. Zinkaoneka zanzeru kuwonjezera jini ya pampuyi pogwiritsa ntchito kavairasi kosavulaza, koma kafukufuku wa CUPID 2, wa odwala pafupifupi 250, anatha mu 2015 osaonetsa phindu. M'mitima imene inayezedwa munapezeka kuti jiniyo inalowa yochepa kwambiri, choncho funso lenileni silinayankhidwe.

Nthawi zina pampu imakhala yabwinobwino koma imagwiritsidwa ntchito mopitirira muyezo. Munthu wobadwa ndi RyR1 yolakwika akapatsidwa mankhwala ogonetsa monga halothane ndi isoflurane, kapena mankhwala ofooketsa minofu a suxamethonium, zipata zimakana kutseka. Mapampu ndi myosin amawononga ATP mosalekeza, mpweya wa kaboni dayokisaidi umakwera, nsagwada ndi thupi zimauma, kutentha kumakwera mofulumira. Matendawa, malignant hyperthermia, Michael Denborough anawafotokoza ku Melbourne mu 1960, ndipo mu 1975 Gaisford Harrison ku Cape Town anasonyeza pa nkhumba kuti dantrolene amawaletsa. Mlingo woyambira ndi 2.5 mg pa kilogalamu, ndipo mankhwala ogonetsawo amasiyidwa nthawi yomweyo. Dantrolene sathandiza pampu mwachindunji, amatseka kumene kukudontha kuti pampu ipeze mpata.

Ogulitsa nyama nawonso zimawakhudza. Nyama ya ng'ombe kapena nkhosa ikaziziritsidwa pansi pa 10°C ikadali ndi ATP, mapampu amafooka ndi kuzizira, kashiamu amatuluka, ulusi umafupika kwambiri, ndipo nyamayo imakhala yolimba ngakhale muiphike bwanji. Locker ndi Hagyard anazifotokoza ku New Zealand mu 1963, ndipo lamulo la m'nyumba zophera nyama n'lakuti isatsike pansi pa 10°C maola 10 oyamba asanathe.

Pali ziphe ziwiri zimene aliyense wophunzira pampuyi amazidziwa. Thapsigargin amachokera ku chomera cha Thapsia garganica cha m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Amalowa pakati pa M3, M5 ndi M7 n'kuumitsa pampu mu E2, ndipo amakwanitsa zimenezi ali pansi pa 1 nM. Cyclopiazonic acid, amene C. W. Holzapfel anamupatula ku South Africa mu 1968, amatseka khomo lolowera kashiamu. Ameneyu ali pafupi nafe kuposa mmene timaganizira, chifukwa nkhungu ya Aspergillus flavus, yomwe imabweretsa chuku ndi aflatoxin mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, imapanganso iyeyu. Ziweto ndi nkhuku zikadya chakudya chotere chambiri, minofu ndi zina mwa ziwalo zimene zimawonongeka.

Kuiyeza mu labotale

Njira yofala ndi kulumikiza pampu ku ma enzayimu ena awiri. ADP iliyonse yotuluka, pyruvate kinase amaibweza kukhala ATP pogwiritsa ntchito PEP, molekyu yopereka fosifeti, ndipo pyruvate wotsalayo lactate dehydrogenase amamusandutsa lactate powononga molekyu imodzi ya NADH. NADH imameza kuwala pa 340 nm, ndipo 1 mM mu kyuveti (kabotolo koyezera) ya sentimita imodzi imapereka 6.22 pa makina oyeza kuwalako, choncho kutsika kwa nambala pa makina kumakuuzani ATP yowonongedwa pa mphindi. Madzi ake amakhala ndi MOPS 50 mM pa pH 7.0, KCl 100 mM, MgCl2 5 mM kapena kuposerapo pang'ono, ATP 5 mM, NADH 0.2 mM, ndi EGTA 1 mM pamodzi ndi CaCl2 woyezedwa kuti mupeze kashiamu woyandama amene mukufuna. Sodium azide 5 mM amatseka ATPase ya mitochondria.

Zolakwika zake zimadziwika. Madzi, mchere ndi magalasi zimabwera ndi kashiamu wofika ma µM angapo, wokwanira kuthamangitsa pampu, choncho "kusathira kashiamu" si zero pokhapokha muli EGTA. Kugwira kwa EGTA kumadalira kwambiri pH: kulakwitsa ndi 0.1 kumasintha kashiamu woyandama ndi pafupifupi theka, ndipo mzere wanu wonse wa liwiro pa galafu umasendera. Timatumba tosabooka timadzaza m'masekondi ochepa, kashiamu wa m'kati amagwira pampu mu E2P ndipo liwiro limagwa, n'chifukwa chake mumathira A23187, mankhwala odutsitsa kashiamu pa nembanemba, 1 µM kapena 2 µM, kuti kashiamu azituluka. Ngati mukuyeza kulowa kwa kashiamu osati kuwonongeka kwa ATP, A23187 musathire, koma oxalate 5 mM, amene amalowa m'thumba n'kuumitsa kashiamu kukhala timibulu. Mukakweza kashiamu wa kunja kupitirira 100 µM liwiro limayamba kutsika, chifukwa akukhala pa malo a E2 komanso akulanda malo a maginiziyamu pa ATP, ndiye mzere wabwino umakwera kenako n'kutsika.

Pomaliza mumabwereza kuyezako mutathira thapsigargin 1 µM, ndipo chimene chatsala mumachichotsera, popeza si cha SERCA. Thapsigargin amamatira pa pulasitiki ndi pa galasi, ndipo kutsuka ndi madzi sikumuchotsa. Yezani zonse zopanda iye poyamba, mumupatse kyuveti yakeyake, ndipo ngati palibe ina, itsukeni ndi ethanol kangapo musanaigwiritsenso ntchito.